Chaka chimene ng'ombe zathu zidaleka kudya udzu

Ine sukulu ndidalekezera kwarta kalasi, kalasi yachinayi, ndipo mbali ina ya kalasi imeneyo ndidaiphunzirira pansi pa mtengo, ku kampu ya othawa nkhondo kutsidya kwa malire, kufupi ndi Dedza. Zotsalazo ndidachita kutola ndekha ngati nkhuku pabwalo: pepala lokulungira usipa, zolemba za pathumba la adubu wothira m'chimanga, buku la nyimbo za kutchalitchi, ndi disiyonariyo ya Chipwitikizi imene idandipeza ilibe chikuto. Kuno kwathu, kumtunda kwa Domwe, amandidziwa ngati munthu woiwala khasu kumunda koma magalasi ali m'thumba. Ng'ombe ndilibe. Ndili ndi mizere ingapo ya kachewere, njinga imodzi, ndi maganizo pa nkhani iliyonse, ngakhale imene sadandifunse.

Choncho mwana wamkazi wa mlongo wanga atalowa ku univesidade kukaphunzira ekolojiya ndi kasamalidwe ka zachilengedwe, ine ndidaona ngati talowa tonse awiri. Akabwera pa feriyasi, sukulu atatsekera, mabuku ake ndinkawalandira ndisanamufunse n'komwe kuti wayenda bwanji. Iye ankapita kukathandiza mayi ake kupuntha nyemba, ine ndili pakhonde, chala pamzere, kulimbana ndi mawu aatali ngati njira ya ku Tete. Chaka cha nthaka ndidaphunzira nthaka, chaka cha mitengo ndidaphunzira mitengo. Mayeso okha ndi amene ndinkamusiyira. Pamsika anthu akandifunsa kuti kodi mwana uja akuphunzira unamwino kapena uphunzitsi, ndinkayamba ndatsokomola, kenaka n'kunena kuti akuphunzira kudziwa zimene zili m'nthaka ndi pamwamba pake, ndi mmene tingakhalire nazo popanda kuvulazana. Ndinkaona kuti ndayankha bwino kwambiri.

Mlongo wanga funso lake lidali limodzi chaka ndi chaka.

"Nanga ukamaliza, ntchito yake ndi yotani? Udzakhala m'gabineti, mu ofesi, ngati anzako?"

"Gabineti yanga idzakhala yopanda denga, amayi," ankatero mwanayo.

"Ndiye bwenzi utangokhala konkuno. Zopanda denga tili nazo zambiri."

Chaka chake chomaliza adabwera chisanu chitangoyamba kutha, atavala nsapato zazikulu zomanga zingwe mpaka m'misongolo, atanyamula mpukutu wa waya. Adandipeza pakhonde.

"Amalume, ulendo uno ndikufuna munthu wondithandiza. Osati kuwerenga ayi. Manja."

Adandifotokozera kuti asanalandire dipuloma ayenera kuchita kafukufuku wakewake, kulemba buku lake limene amati monografiya, n'kukaliteteza pamaso pa apulofesolo. Akapambana, kudali malo amene adamusungira ku nthambi ina yosamala nkhalango ndi msipu, kumene akaphunzire ntchito ali pantchito pomwepo. Akachedwa, malowo apatsa wina, ndipo iye adikira chilimwe cha chaka chinacho, poti kafukufuku wakeyo adali wa m'chilimwe basi. Funso lake lidali lakuti, ng'ombe za m'mudzi mwathu zimadya udzu wochuluka bwanji m'dambo lathu, ndipo kodi dambolo limakwanitsa kubweza zimene zadyedwazo?

"Zaka zonsezi," ndidatero, "kuti ukafufuze ngati ng'ombe zimadya udzu?"

"Zoti zimadya, aliyense akudziwa. Koma ndani adayezapo?"

M'mabuku onse amene ndidawerenga mudalibe amene adayezapo, ndiye ndidangodzuka kukatenga chikwanje.

Njira yake idali yosavuta, moti ndidakhumudwa pang'ono. Timakola ting'onoting'ono ta waya, toti ng'ombe isalowetse mlomo, tiikidwe apo ndi apo m'dambo. Pambali pa kakhola kalikonse pakhale kamalo kofanana nako kukula, kosatchinga, kongoika zikhomo m'ngodya kuti kadziwike. Chilimwe chikamatha, mvula isanagwe, amweta udzu wa m'kakhola ndi wa kunja kuja, aumitsa, ayeza pasikelo. Kusiyana kwake ndiwo udzu umene udapita m'mimba mwa ng'ombe.

Zikhomozo ndidasema ndine, za bulugamu, mulu wathunthu, zosongoka bwino. Koma tsiku lokazikhoma lisanafike kudagwa maliro kwa abale a mkazi wanga kutsidya, ndipo tidawoloka malire pa Kalomwe n'kukakhala kumeneko monga amakhalira maliro, osafulumira. Pobwera ndidapeza mwana wakhoma zonse yekha, wabwerera ku univesidade kukalemba mayeso ena. Adasiya mawu kwa mayi ake kuti ndiziyang'anira timakolato. Adandisiyiranso buku lonena za msipu wa m'madambo, lokhala ndi zithunzi.

Munthu wondidziwa bwino sakadasiya ziwirizi pamodzi. Dambo lathu lili kuseri kwa chitunda, njira yake ndi yotsetsereka, ndipo bondo langa lamanja lidayambana ndi zitunda kalekale. Buku lidali pomwepo pakhonde. Ndidayang'anira dambolo mokhulupirika, tsamba ndi tsamba.

Ndidaona ndithu kuti m'mawa ng'ombe zikumadutsa pakhomo panga kulowera kuphiri m'malo motsikira kudambo. Ndidadabwa, poti kuphiri nthawi imeneyo kumakhala miyala ndi lupsa. Koma buku lija linkanena za ubwino wosinthasintha msipu, ndiye ndidangoti anthu ayamba kumva, mwina nkhani zanga za pamsika zayamba kumera. Ndidadzithokoza chamumtima n'kutembenuza tsamba.

Tsiku lina kudafika amuna awiri onyamula katundu panjinga pa Kalomwe, malaya ositidwa, nsapato zopukutidwa. Adakhala pansi mwaulemu umene sindidauzolowere kwa anthu a pamalire.

"Madala, tamva kuti kwanu kuno kwapezeka mina."

Mawu akuti mina ndidawamva monga amawamvera aliyense m'chigawo chino cha Tete masiku ano: mgodi, malasha, magalimoto aakulu, zipewa zachikasu.

"Mina yanji?"

"Imene wapeza mwana wanu m'dambo. Ife ntchito sitisankha. Uyu amadziwa kuyendetsa kamiyawu, galimoto zazikulu zija."

"Kuyendetsa kwenikweni ayi," adatero mnzakeyo, "koma ndakhalapo kutsogolo kambirimbiri."

"Ndi malasha, madala, kapena golide?"

Ndidaseka mpaka magalasi kugwa. Ndidawauza kuti mwana akuyeza udzu. Adayang'anana. Ndidatenga buku n'kuwaonetsa zithunzi za udzuwo. Adayang'anananso, n'kudzuka.

"Tamva, madala. Mukatha kulemba abale anu, mutikumbukireko ife."

Nkhaniyi ndidamufotokozera mkazi wanga ngati nthabwala ya chaka. Iye sadaseke kwenikweni. Adangofunsa kuti, "Kodi inu kudamboko mwapitako?" Ndidati mawa.

Mawa lija lidafika pamodzi ndi mwini timakola. Adabwera pakati pa chilimwe kudzaona mmene zikuyendera, ndipo pamaso pake bondo langa lidachira lokha. Tidatsika tonse. Pamene njira ya ng'ombe imalowera m'dambo tidapeza patsekedwa ndi nthambi za minga, pamwamba pake timitengo tiwiri tomangidwa mopingasa ndi luzi. Iye adakankhira kumbali ndi nsapato zake zija, akuti ndi masewera a ana. Ine timitengo tija tidandikumbutsa kanthu, koma kanthuko sikadafike msanga.

Titatulukira, dambo lonse lidali udzu wokhawokha, wofika m'mawondo, ukuwerama ndi mphepo ngati tirigu wa ku Tsangano. Ndowe padalibe ngakhale imodzi. Mapazi a ng'ombe m'mbali mwa mtsinje adali akale, ouma gwaa. Timakola tija tinkachita kusowa, poti udzu wa m'kati ndi wa kunja udali msinkhu umodzi.

"Amalume," adatero ndi mawu aang'ono, "ng'ombe zili kuti?"

Koma ine sindinkamumva. Ndidali nditaona zikhomo zanga. Mitu yake yonse idali yopakidwa tinta yofiira psuu, ndipo kuchokera pa chikhomo kufika pa chinzake padamangidwa fita, riboni ya mizere yofiira ndi yoyera, ikuuluzika ndi mphepo. Miyendo yanga idaima yokha, njii. Mutu unkadziwa kuti zikhomozo ndidasema ndekha pakhonde panga, uku ndikuimba nyimbo. Miyendo idati zimenezo n'za mutuwo.

Mwanayu adabadwa zikhomo zofiira zitazulidwa kale kwathu kuno, ndiye ndidayenera kumufotokozera nditaima pomwepo, osasuntha phazi. Nkhondo itatha, tisanabwerere kumudzi, ku kampu kuja ankatisonkhanitsa n'kutiphunzitsa ndi zithunzi ndi masewero: mukaona chikhomo chofiira, fita yofiira, kapena timitengo topingasa panjira, pamenepo pali mina, bomba lokwiriridwa, musaponde, bwererani m'mapazi anu omwe. Titafika tidazipeza ndithu m'mbali mwa misewu ndi pafupi ndi zitsime zakale. Ena amene sadazione msanga timapemphera nawo mpaka lero, ndodo zawo atazigoneka pansi pa mpando. Phunziro limenelo ndi lokhalo limene mbadwo wanga wonse udakhoza, ophunzira ndi osaphunzira omwe.

"Ku loja kumene ndidagula kudali fita ya mtundu umodzi wokha," adatero mwanayo, akuyang'ana zikhomozo ngati akuziona koyamba. "Ndipo zofiira zimaoneka patali m'udzu."

Pang'onopang'ono tidalumikiza nkhani yonse. Anthu adamuona akuyenda yekha m'dambo mwachifatse, maso pansi, nsapato za chisilikali, m'manja kachipangizo kosonyeza malo kamene kamalira tii tii. Akaima, n'kukhoma chofiira. Amayi ena adafunsa mlongo wanga kuchitsime, iye n'kuyankha kuti, "Akuti ndi za m'nthaka, kafunseni amalume ake." Kwa ine sadabwere, poti yankho langa adali atalimva kale pamsika. Wina adatchula mawu akuti mina, mawuwo n'kugawanika pawiri panjira: achinyamata adamva ya malasha n'kusita malaya, akuluakulu adamva ya nkhondo n'kutseka njira ndi minga. Chipwitikizi chidatipatsa mawu amodzi kuti tigawane, ndipo aliyense adatenga mbali imene amaidziwa.

Mwana adakhala pachulu, dzanja kuchibwano.

"Ndiye kuti monografiya yanga inena kuti ng'ombe za ku Domwe sizidya udzu."

Adaseka, kusekako n'kusanduka china, adapukuta m'maso ndi mkono wa malaya. Kenaka adaimirira pamwamba pa chulu pomwepo, pamene telefoni imagwira, n'kuimbira pulofesolo wake. Ndinkamva mawu aamuna akuseka kutali, kenaka akulankhula modekha. Atatsika adandiuza kuti pa tsoka lonselo pali mwayi umodzi: poti udzu wa m'kati ndi wa kunja ukadali wofanana, akhoza kuyambira pomwepo ngati lero ndi tsiku loyamba. Ng'ombe zikadya m'dambomo masabata angapo mvula isanagwe, ntchito ilandiridwa. Zikapanda kulowa, ndiye chaka chamawa.

"Tikufuna ng'ombe, amalume. Zanjala."

"Zanjala zilipo. Vuto ndi eni ake."

M'mudzi mwathu ng'ombe zimatsata khola la alamu anga, mlongo wake wa mkazi wanga. Ndiwo ali ndi zambiri, ndipo kumene zalowera zawo, za ena zimalowera komweko. Iwo ndi a mtundu uja umene umayeza munthu ndi khola lake, ndipo ine adandiyeza kalekale n'kupeza mphepo. Timatonzana kuyambira tsiku limene ndidakwatira mlongo wawo, moti tikaleka anthu amafunsa ngati wina wadwala. Koma pali chinthu chimodzi chimene sindiwaseka nacho. Titangobwerera kuchokera ku Malawi, adagula ng'ombe ziwiri zokoka ngolo ndi thukuta la maganyu a zaka zonse za kukampu. Imodzi idaponda mina pamsewu wakale, iwo akuyenda pambuyo pake. Adapulumuka, khutu limodzi ndi limene lidatseka.

Tidawapeza pansi pa mtengo wa mapichesi, akukonza goli.

"Alamu! Mwabwera ndi enjinyera wathu. Khalani pansi. Mwapeza zingati?"

"Palibe ngakhale imodzi, alamu. Ndi udzu."

"Udzu ndauona. Ndikufunsa zapansi pa udzuwo."

Mwana adagwada pambali n'kufotokoza zonse kuyambira pachiyambi, timakola, sikelo, fita ya ku loja. Adapepesa. Alamu adamvetsera atatembenuzira khutu labwino, goli lili pamiyendo.

"Ndiye ukundiuza kuti ng'ombe zanga zatuluka nthiti kuphiri kuja chifukwa cha sukulu?"

"Inde, abambo."

"Nanga amalume akowa, amene amawerenga ngakhale pepala la sopo, adali kuti?"

"Ine ndinkayang'anira mbali ya mabuku," ndidatero.

"Zikuoneka." Adatembenukiranso kwa mwana. "Mawu ako ndamva, mayi, ndipo sindikuti ukunama. Koma udakumba? Kachipangizo kako kaja kamaona pansi?"

"Ayi, abambo. Kamangonena pamene ndaima."

"Ndiye sukudziwa kuti mulibe. Ukungodziwa kuti sudazifufuze."

"Alamu," ndidalowerera, "ng'ombe zanu zomwezi zadya m'dambo limenelo chibwerereni kuno. Ana asambamo, amayi achapamo. Chasintha n'chiyani? Tinta?"

"Chasintha n'chakuti ndakumbuka."

Pamenepo ndidasowa tsamba loti nditsegule. Nkhuku zinkapalasa pafupi ndi mapazi athu. Amene adalankhula ndi mwana.

"Abambo, anthu ochotsa mabomba aja akamaliza malo, ankasiya chizindikiro chanji?"

"Choyera," tidayankha pamodzi ine ndi alamu, n'kuyang'anana moipidwa poti tagwirizana. Ankapaka miyala njereza mbali imene amaliza. Kofiira n'koopsa, koyera n'koyenda.

"Nditachotsa fita ija, zikhomo n'kuzipaka njereza, inu mukuona?"

Alamu adaganiza kaye. "Njereza yako si njereza ya anthu aja. Koma paka. Ukatha, ayambe alamuwa kuyendamo, chikhomo ndi chikhomo. Munthu wowerenga akaphulika, tidziwa kuti m'mabuku mulibe zonse."

M'mawa mwake tidatsika ndi ndowa ya njereza ndi makoko a chimanga opakira. Mbiri idali itatsogola, moti pachitunda padadzaza anthu, amayi ana ali kumsana, abambo atapinda manja. Ngakhale amuna a pa Kalomwe aja adalipo, mwina poganiza kuti lero ndiye tsiku lolemba ntchito. Mwana adalowa yekha, adamasula fita yonse n'kuipinda m'thumba, adapaka zikhomo chimodzichimodzi mpaka dambo lidaoneka ngati lamera mano. Kenaka adandikodola.

Ndikadakonda kulemba kuti ndidayenda ngati mwamuna. Amene adalipo akuti ndidayenda ngati kakowa: phazi m'mwamba, kuganiza, phazi pansi, kupuma. Ndinkadziuza m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi momwe kuti pansi pano pali mizu ndi nyongolotsi basi. Thukuta lidatsikira mpaka m'magalasi. Nditadutsa zikhomo zingapo wina pachitunda adafuula kuti, "Dumphani, madala!" ndipo ine, chifukwa cha manyazi, ndidadumpha. Ndidatera m'matope mpaka m'mawondo, nsapato imodzi n'kutsala momwemo. Chimene chidaphulika ndi phwete la pachitunda basi. Kuchoka apo mantha adandithera, ndipo ndidamaliza zikhomo zonse ndi nsapato imodzi, ndikuponda mwamphamvu dala ngati wovina ngoma.

Alamu adaonerera zonse ali pachulu chakutali. Kenaka adapita kwawo.

M'mawa mwake ng'ombe zidadutsa pakhomo panga kulowera kuphiri. Mkuja wake chimodzimodzi. Kunja kudayamba kutentha kuja koitana mvula, mitambo ikuunjikana masana cha ku Lifidzi n'kubalalika madzulo. Mwana adaleka kudya bwino. Ankalawirira kukakhala pachitunda, kuyang'ana dambo lake lopanda ng'ombe, kenaka kumwamba, kenaka dambo. Mlongo wanga, amene ntchito imeneyi sadaimvetsepo, adayamba kuyenda khomo ndi khomo kwa amayi anzake, akuti amuna amamva bwino nkhani ikachokera kumafuwa. Onse ankayankha chimodzi: zikalowa za akuluwo, zathu zilowa. Ine ndidapereka maganizo oti ndikawawerengere alamu ndime ya m'buku lija. Mkazi wanga adati ngati ndikumufunira mwana zabwino, ndikhale pansi.

Tsiku lina m'mawa tidamva kabelu kamodzi kakutsika njira ya kudambo. Adali alamu, akukusa ng'ombe imodzi: thadzi lokalamba la nyanga yopindikira pansi, mano atatha, limene ngakhale ogula nyama adalikana. Adafika nalo pamene padali minga paja, adalimenya pathako ndi chikhatho, iwo n'kutsala kunja.

"Abambo," adatero mwana, "imodzi?"

"Yamba kuyeza imeneyi."

"Koma ilibe mano."

"Ndiye iyenda kwambiri pofuna udzu wofewa. Iponda paliponse."

Ng'ombeyo idazungulira dambo lonse tsiku lathunthu, osadziwa kuti ikulemba mayeso. Idanunkhiza zikhomo, idanyambita njereza, idagona pakati penipeni n'kumabzikula. Alamu adakhala pachitunda mpaka dzuwa kupendeka, chipewa chili m'manja. Madzulo idabwerera kukhola mimba ili ngati ng'oma.

Zimene zidakambidwa m'kholamo sindidazimve. Koma kutacha, atangochotsa mipiringidzo, nkhalamba ija idalunjika kudambo, khola lonse pambuyo pake, ndipo mbusa adathamanga uku ndi uku ndi chikwapu mpaka adaleka. Alamu mpaka lero amanena kuti adalamula okha. Dzuwa lisanafike pamutu, ng'ombe za mudzi wonse zidali m'dambo, mitu pansi, kukungomveka kumweta kokhakokha.

Sindidaonepo munthu wa ku univesidade akukondwera ndi ndowe chotero. Yoyamba kugwa pafupi ndi chikhomo adaijambula ndi telefoni, akuti ikalowa m'monografiya. Nkhunzi ina itakanda khosi pa kakhola n'kukagwetsa, adaithamangitsa akuseka, n'kumanganso. Ine tsopano ndinkatsika tsiku ndi tsiku, bondo likudandaula, ndipo ndidaona ndi maso anga udzu wa kunja ukufupika pamene wa m'timakola ukadali chiimire ngati tsitsi la munthu wokana kumeta.

Tidamweta mabingu akugunda kale. Udzu wa malo alionse udalowa m'thumba lakelake la pepala, ndipo mvula yoyamba idatipeza tikukwera chitunda ndi matumba omaliza titawabisa m'malaya. Matumbawo adalendewera kudenga m'nyumba ya mlongo wanga, amene ankauza alendo kuti asafunse. Udzu utauma, mwana adapita nawo ku univesidade kukayeza pasikelo yawo yomva ngakhale nthenga.

Ku defeza, tsiku loteteza lija, sindidapite. Ulendo ndi wautali ndipo kachewere adali pa nthawi yopalira. Mwana adaimba telefoni chakumadzulo, mawu ali m'mwamba. Wapambana. Akuti apulofesolo adafunsa za udzu pang'ono, koma za zikhomo adafunsa mpaka nthawi kutha, ndipo wamkulu wawo, waimvi, ankangogwedeza mutu. Malo a ntchito aja adawapeza akadali ake. Mlongo wanga adaimba nthungululu mpaka agalu a kwa anansi kuuwa.

Asanapite kukayamba ntchitoyo adabwera kudzatsazika, ndipo adati sangachoke osakauza mwini ng'ombe zimene sikelo idanena. Tidapita. Alamu adatulutsa mpando wabwino n'kupatsa mwana, ine n'kundilozera chitsa.

Mwana adawauza mosazungulira. Ng'ombe za mudzi zikudya kuposa mmene dambo lingabwezere. Udzu wokoma ukuchepa, ukulowa wolimba umene ng'ombe sizikonda, ndipo m'mbali mwa mtsinje mukugumuka. Zikapitirira chonchi, dambolo lizidzauma msanga chilimwe chilichonse.

"Ndiye ndigulitse?" adafunsa alamu, nkhope itauma.

"Sindinatero, abambo. Koma dambo litagawidwa pawiri, mbali ina izipuma pamene ng'ombe zikudya inayo, chaka chinacho n'kusinthana, udzu ukhoza kubwerera."

"Pakamwa n'zosavuta. Ng'ombe za anthu, m'chilimwe, udzu ukuoneka apo. Uziletsa ndi chiyani? Waya wozungulira theka la dambo ubwera nawo ndiwe?"

Apa ndidaona mpata wanga wothandiza siyensiya. "Tinta ija idatsala," ndidatero. "Zikhomo ndisema ndine. Taona tonse kuti palibe waya wogwira ngati umene uja."

Ndinkayembekeza phwete. Alamu adayang'ana pansi. Mwana adanditembenukira ndi maso amene sindidamuonepo nawo.

"Ayi, amalume. Zija zidachitika mwangozi, ndipo ndidapepesa. Kuchita dala ndi nkhani ina. Anthuwa adaopa zenizeni."

Ndidavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ngakhale adali oyera.

"Ndiye njira yachidule palibe," adatero alamu. "Uyenera kukhala pansi ndi mwini khola aliyense, mmodzimmodzi, mpaka avomere."

"Ndibwera chilimwe chisanayambe, abambo."

"Ubwere. Ndipo uyambire pano, poti ine sindidavomere. Mbali iti ukuti ipume? Ngati ndi ya kumtsinje, iwala."

"Ndi ya kumtsinje."

Alamu adakoka mpando wawo kusendera pafupi, mwana adatola kamtengo n'kuyamba kujambula dambo pansi, ndipo adakangana mpaka akazi awo a alamu adatuluka kudzafunsa ngati alendowa adya konkuno.